Mwana akabalalika, yang'anani kumwamba

Achemwali anga sawononga mayunitsi awo pa ine. Amaflasha kamodzi, ine n'kuimba. Ndiye tsiku lomwe foni inalira mpaka kalekale masana a Lachitatu, dzina lawo lili pagalasi, ndinadziwiratu kuti ku Bangwe kwagwa kanthu.

“Achimwene, mwana wanu uja wabalalika. Bwerani mudzamutenge, ine ndalephera.”

Mwamva bwino, anati mwana wanu. Atakhoza mayeso a Sitandade 8 n'kusankhidwira kusekondale yogonera komweko, anali “mwana wanga” mpingo wonse ukumva. Lero wabwera ndi kalata yomuimitsa sukulu, wasanduka wa amalume ake. Sindikudandaula. Umalume ndi umenewo, mwini mbumba amakumbukiridwa mvula ikalowa m'nyumba.

Nkhani inali yoti usiku wina ana a sukuluyo anaswa magalasi a makalasi, kuthyola chitseko cha kukhitchini ndi kugenda nyumba ya mphunzitsi wina. Dzina la mnyamata wathu, wa Fomu 3, linali pamndandanda wa otsogolera. M'basi yonse, kuyambira Lilongwe kudutsa Dedza ndi Ntcheu mpaka kukaoloka Shire pa Zalewa, chomwe chinkandizungulira m'mutu si magalasiwo ayi. Linali liwu lija. Achemwali sananene kuti walakwa, kapena kuti waswa zinthu. Anati wabalalika, ndipo ananena ngati munthu amene akulengeza maliro.

## Munthu m'modzi abalalika bwanji?

Kumudzi kumene tinakulira, kubalalika kunkafuna gulu. Mbuzi zimabalalika fisi akalowa m'khola. Msonkhano wa amfumu umabalalika mvula ikayamba. Zinthu zinali pamodzi, tsopano chilichonse chalowera kwake. Munthu m'modzi sakanatha kubalalika, pokhapokha atam'dula nthulinthuli.

Koma m'tauni liwuli linasamuka, n'kukakhala pa munthu m'modzi, ndipo linakhazikika bwino zedi. Thupi lili m'kalasi, mtima uli kumsika, makutu ali kwa anzake, ndalama ya sopo ili kwa wogulitsa kachasu. Munthuyo alipo koma simungamutole pamodzi. Amene anayamba kuligwiritsa ntchito chonchi anali katswiri, ndimuvulire chipewa.

Mukatchera khutu m'minibasi mudzamva kuti liwuli lili ndi masaizi. Pali laling'ono, lomwe munthu amadzinenera yekha: “Aise ndabalalika, alandilodi akufuna zawo mawa.” Apa ndi nkhawa chabe, mutu sukugwira. Pali “usandibalalitse”, lomwe kondakitala amauza munthu amene akumufunsa chenje iye akuwerengera ndalama. Pali “zobalalika”, dengu lotayiramo chilichonse chomwe sitikuchifuna, kuyambira nyimbo za ana amakono mpaka malonjezo a andale. Ndiye pali la anyamata okhaokha, lonyadira: “Loweruka tinabalalika koopsa.” Ameneyo sakudandaula. Akukuuzani kuti munaphonya.

Lalikulu ndi limene kholo limanena za mwana wake, mawu atatsika. Limeneli ndi losiyana ndi abale ake onse. Mwana wopulupudza ndi wamng'ono, amakwera mumtengo wa mango a eni, timamukalipira uku tikubisa kuseka. Woyerekedwa wadumpha malire lero, ukamuuza kuti “usayerekedwe” nkhani yatha. Wosamva ali ndi makutu, tikungodikira tsiku lomwe adzatseguke. Ngakhale kulowerera, komwe kumamveka koopsa, ndi liwu la kutchalitchi, ndipo aliyense amene anapitako Sande sukulu amadziwa kuti mwana wolowerera uja anabwerera kwawo n'kuphedwera mwana wa ng'ombe. Liwulo lili ndi njira yobwerera mkati mwake. Kubalalika kulibe. Wobalalika sitimuyembekezera pachipata. Timangoyamba kuuza ang'ono ake kuti asamayende naye.

## Bwalo la pakhonde

Tinakhala Loweruka m'mawa. Panali achemwali, maso ofiira. Panali bambo ake aang'ono a mnyamatayo, mng'ono wa alamu anga, poti alamuwo ali ku Joni ndipo papita zaka osaponda kuno. Panali mkulu wa mpingo amene achemwali anamuitana, Baibulo lili pabondo. Ndipo panali mayi athu, agogo ake a mwanayo, amene anabwera ndi matola kuchokera kumudzi osaitanidwa ndi munthu. Iwo anakana mpando, anayala chitenje pansi n'kutsamira khoma.

Mwini nkhani anakhala pa njerwa pakati pathu, mutu uli pansi, akukanda dothi ndi kamtengo. Anali atatalika kundiposa. Ndevu zinali zitayamba kumera mwa apo ndi apo.

Achemwali anayala mlandu wonse, ndipo sunayambire pa magalasi. Patchuthi ankabwera usiku. Ankanunkha mowa. Anasiya kwaya. Tsiku lina atamufunsa komwe anali, anawayankha kuti “mufuna mudziwe kuti mutani”, mawu amene ife tikanawanena kwa mayi athu bwenzi lero tikutafunira mbali imodzi. Chiganizo chilichonse chinkathera pamodzimodzi: wabalalika.

Kenako aliyense anabweretsa mankhwala ake. Bambo aang'ono anati apite kumudzi akagwire khasu chaka chathunthu, aone ngati nthaka imayankhidwa mwano. Mkulu wa mpingo anati izi n'zauzimu, pakufunika kusala kudya, ndipo anawonjeza kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, choncho asiyanitsidwe ndi ang'ono ake. Achemwali anati mwina akagone kupolisi usiku umodzi, kapena timupereke ku Mpemba. Makolo ambiri amaopseza ana ndi Mpemba ndi Chilwa, malo osungirako ana olakwira malamulo, ngati kuti ndi sukulu zoti ungopita n'kukalembetsa. Kumeneko mwana amapita khoti la ana likagamula, motsatira lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010, osati chifukwa mayi ake atopa. Ndinafotokoza zimenezo, koma palibe amene ankafuna malamulo m'mawa umenewo.

Mayi athu anali chete nthawi yonseyi, akusenda mtedza womwe anabwera nawo. Atatha onse, anapukuta manja pachitenje.

“Ndamva. Nonse mwati wabalalika. Inetu kwathu ndikaona anapiye abalalika pabwalo, sinditola ndodo kuwathamangitsa. Ndimayang'ana kumwamba, chifukwa ndimadziwa kuti kwadutsa mphamba. Tsono inu mwayang'ana kumwamba? Wam'balalitsa ndani mwanayu?”

Bambo aang'ono anayamba kunena kuti ndi anzake oipa, koma mayi anakweza dzanja.

“Sindikufunsa inu, bambo. Iwe, tandiyang'ana. Chakudutsa pamutu n'chiyani?”

Mnyamatayo anatenga nthawi. Poyamba anayankha za kusukulu, chifukwa n'zimene zinali zosavuta. Nyemba zofumbwa teremu yonse, zoti ukaziika m'mbale anankafumbwe amayandama pamwamba. Phala lopanda shuga pamene ndalama ya chakudya inali itakwezedwa. Anauza mapulifekiti, mapulifekiti anakauza aphunzitsi. Analemba kalata, onse a Fomu 3 ndi Fomu 4 n'kusainira. Yankho linabwera pa asembule: amene sakufuna nyemba ageti ali apo. Usiku wa chipolowewo magetsi anazima nthawi yowerenga, nsima inabwera yosapsa, wina anayamba kumenya chitsulo chomwe amaimbira belu, ndipo mumdima aliyense analimba mtima.

“Unagenda?” anafunsa mayi.

“Ndinagenda, agogo.”

“Mowa?”

“Ndinayamba ndili Fomu 2. Timidoli.”

Achemwali anafuula kuti mwamva nokha. Mayi sanawayang'ane n'komwe. Anafunsa kuti Fomu 2 yo kunachitika chiyani, popeza mwana amene anapita ku Fomu 1 anali wa kwaya.

Apa ndi pamene kamtengo kaja kanathyoka m'manja mwake. Anati mnzake wina wa m'hositelo, amene ankabisa foni m'matiresi, anamuonetsa chithunzi pa Facebook. Bambo ake, atanenepa, atavala jekete lachikopa, ali ndi mayi wina ndi kamwana kakhanda m'manja. Pansi pake anthu akulemba mafuno abwino. Mmodzi mwa olembawo anali bambo aang'ono omwe anakhala pampando patsogolo pakepo. Nambala ya bambo ake inali itasiya kugwira miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo kunyumba ankangomuuza kuti ku Joni zinthu zavuta, mapepala awo anatha, tiziwapempherera. Iye anapempheradi, mpaka tsiku la chithunzicho. Hositelo yonse inachiona. Anayamba kumutchula dzina la kamwanako.

“Ndimafuna ndione ngati alipo angandiuze zoona,” anatero. “Palibe ananena. Ndiye ndinangoti basi.”

Pakhonde panagwa chete wa mtundu wina. Bambo aang'ono anayamba kufufuza kanthu m'foni mwawo. Mkulu wa mpingo anatsegula Baibulo n'kulitsekanso. Achemwali anaphimba nkhope ndi mpango, ndipo kulira kwake sikunali kwa munthu amene wamva nkhani yachilendo. Iwonso ankadziwa. Ankaganiza kuti akumuteteza.

Mayi anatola mtedza wawo n'kupitiriza kusenda. “Mphamba ndi ameneyo,” anatero. “Tsopano tikambe za magalasi a eni.”

## Magalasi analipiridwa

Ndisanamizire kuti funso la agogo linamuyeretsa. Mwala anaponya ndi dzanja lake. Mwana wina wa Fomu 1 anachekedwa phazi ndi magalasi pothawa mumdima, ndipo ameneyo bambo ake sanalakwire munthu. Ana akaswa sukulu, amene amavutika ndi ana anzawo a chaka chamawa, amene adzaphunzire mphepo ikuwomba m'kalasi mwezi wa Juni. Ndimakwiya ndikamva anthu ena ophunzira akukometsera zipolowe za m'sukulu ngati kuti mwala uliwonse ndi ufulu wachibadwidwe. Nyemba zofumbwa ndi mlandu weniweni, ndipo mphunzitsi amene amayankha kalata ya ana poloza geti akusewera ndi moto. Koma laibulale siinaphike nyembazo.

Chomwe funso lija linasintha ndi ntchito yomwe tinapatsana. Tikanatsatira liwu la achemwali, ntchito inali imodzi: kupeza koti timutayeko. Titayang'ana kumwamba, aliyense anapezeka ndi katundu wake. Bambo aang'ono anauzidwa kuti apeze nambala yeniyeni ya mkulu wawo tsiku lomwelo, ndipo inapezeka msanga modabwitsa. Achemwali anakhala ndi mwana wawo madzulo n'kumuuza zonse, kuyambira pomwe ndalama zinasiyira kubwera. Ine ndinapita naye kusukulu kukamva mtengo wa zowonongeka. Gawo lake analipira yekha ndi maganyu osenza njerwa, ine ndinangoikapo pomwe panaperewera. Kogonera sanamulandirenso. Anamaliza pa sukulu ya open, yolowa masana, akuchokera pakhomo. Zotsatira za MSCE sizinali zoimbira nthungululu, koma satifiketi ili m'sutikesi. Mowa sanasiyiretu, tisanamizane.

## Kapu yasweka

Chichewa chili ndi kachinyengo kena komwe mwana aliyense amakadziwa asanalowe sukulu. Ukagwetsa kapu sunena kuti ndaswa kapu. Umati kapu yasweka. Chitseko chathyoka, ndalama yatayika. Ka “-ka” kakumapetoko kamachotsa wochita m'chiganizo, zinthu n'kumaoneka ngati zinadzichitikira zokha. Mayi aliyense amadziwa kuyankha kwake: “Yasweka yokha?”

Kubalalika ndi kwa banja lomwelo. Mwana wabalalika, basi, ngati mmene mvula imagwera. Mulibe bambo m'chiganizomo, mulibe sukulu, mulibe ife. Chodabwitsa n'chakuti pa kapu timakana kunamizidwa, koma pa mwana timalandira chiganizocho ndi manja awiri, chifukwa nthawi ino amene akubisala kuseri kwa “-ka” ndife akuluakulu.

Mnzake wa liwuli, kubalalitsa, timamumva pa wailesi nthawi zonse, ndipo iye sabwera wopanda mwini. Apolisi abalalitsa mavenda. Apolisi abalalitsa ochita zionetsero ndi utsi wokhetsa misozi. Tinazimva pa 20 Julaye 2011, tsiku lomwe zinafika pa zipolopolo anthu n'kufa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Tinazimvanso miyezi yambirimbiri mu 2019 chisankho chitatha. Pamsewu timadziwa bwino kuti gulu silibalalika lokha. Tikangolowa m'nyumba timaiwala.

Akuluakulu ena ali nalo yankho lokonzeratu: anabalalitsa ana ndi demokalase. Amati nthawi ya Kamuzu kunalibe zimenezi, ndipo amawerenga pa zala nsanamira zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. N'zoona kuti mnyamata wa tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza, ndipo a Payoniya sankafunsa kawiri. Koma mantha ndi khalidwe si chinthu chimodzi, ndipo amene anakhalako nthawi imeneyo akudziwa zomwe zinkachitika anthu akatseka zitseko. Chomwe ndimavomereza n'chakuti 1994 inasinthadi zinthu. Pulayimale itakhala yaulere, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, aphunzitsi ndi makalasi osakwanira. Mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo sangadziwe kuti uyu wasintha nkhope sabata ino. Ameneyo si ufulu wabalalitsa mwana, ndi kuchepa kwa maso omuona.

Boma nalonso linali ndi liwu lake la anthu ooneka obalalika: vakabu. Ukapezeka panja usiku, wapolisi akakuyang'ana n'kuona kuti sukumukhutiritsa, unkakwera galimoto. Zinatengera wogulitsa majumbo wina, amene anamangidwa m'bandakucha akupita kukagulitsa malonda ake ku Limbe, kuti nkhaniyi ifike ku High Court, ndipo mu Januwale 2017 khotilo linati gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Munthu ankapita kuntchito, lamulo linkaona wosowa kolowera.

## Amene sitinamuitanire bwalo

Pali munthu amene sindinamutchule pa bwalo lija, chifukwa sanakhale nafe. Anali kuseri akuphika tiyi wa alendo, mwana ali kumbuyo. Ndi mchemwali wake wa mnyamatayo, woyamba kubadwa.

Iyeyu anali Fomu 2 pamene sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Pomwe zinkatsegulidwanso chakumapeto kwa chakacho, anali ndi pakati. Liwu lija linanenedwa kamodzi kokha, ndipo palibe amene anakwera basi. Panalibe mkulu wa mpingo, panalibe mankhwala oti tikanganirane. Anangosiya kutchulidwa pa nkhani za sukulu, yunifolomu yake n'kupatsidwa mwana wa aneba.

Mnyamata akabalalika, m'mawu mwathu mumakhala kakuseka pang'ono. Timati ndi unyamata, adzakhazikika akakwatira, ngakhale bambo ake anali otero. Amafunika aswe magalasi a boma kuti tiitane bwalo. Mtsikana safunika kuswa kanthu. Buluku lothina, kuseka mokweza pa shopu, kuoneka kawiri pa kabaza wa mnyamata yemweyo, basi wabalalika, ndipo kwa iye liwuli limatanthauza chinthu chimodzi chokha chomwe aliyense akuchidziwa. Lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa akazi mabuluku ndi masiketi aafupi, linathetsedwa mu 1993, koma mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankavula amayi pamsewu chifukwa cha mabuluku omwewo. Lamulo linachoka m'buku, m'kamwa linatsala.

Chaka chomwecho cha 1993 ndi chimene dziko lino linavomereza kuti mtsikana amene wabereka akhoza kubwerera kusukulu. Ndondomekoyo ndi yakale kuposa mwana wa achemwali angayu. Palibe mphunzitsi amene anamukaniza pageti, chifukwa sanafikeko n'komwe. Tinamukaniza ndife, ndi liwu limodzi, ndipo za amene anamupatsa mimbayo, bambo wa banja lake amene ankamugulira mayunitsi, zinathera pa thumba la chimanga ndi ndalama ya matewera.

Mayi athu ndi amene anaiyambitsanso, madzulo a tsiku la bwalolo, tikudya. Anafunsa mdzukulu wawoyo ngati mabuku ake alipo. Iye anati alipo, ali m'katoni pansi pa bedi, ena anadyedwa ndi mbewa. Anayankha mwachangu kwambiri, ngati munthu amene amawayang'ana kawirikawiri.

Achemwali anati, “Amayi, imeneyo ndi nkhani ina. Uyu ndi mayi tsopano, akakhala bwanji pa desiki ndi ana?”

“Mwanayo ndilera ine,” anatero mayi. “Ndinalera inu asanu, mmodzi andikanika?”

Sizinathe usiku umenewo, ndipo mpaka pano sizinathe. Achemwali akuti anthu adzaseka. Mtsikanayo tsiku lina amati akufuna, tsiku lina amati mutu unauma, bola apeze mpamba wa kaunjika. Ine ndinakafunsa pa sukulu ya open yomwe mlongo wake anamalizira, ndipo anati malo alipo, abwere ndi kalata ya kusukulu yake yakale teremu ikamayamba. Kalatayo ili m'tauni ina, ndipo amene angakaitenge ndi mayi ake. Sabata yatha ndinawatumizira ndalama ya thiransipoti pa foni. Anandiflasha kuti yafika, koma nditaimba anati aona kaye mmene mwezi uno uthere.